Ulendo wa pandege ndi mwana wa autism

Mu Meyi 2015, ndege ya kampani ya United Airlines yomwe inanyamuka ku Houston kupita ku Portland, m'dziko la America, inapatuka panjira n'kukatera ku Salt Lake City. Sikuti injini inavuta. Apolisi analowa m'ndegemo n'kutsitsa banja lina la ku Oregon lomwe linkachokera kokacheza ku Disney World. Mwana wawo wamkazi, wa zaka 15, ali ndi autism.

Nkhani yonse inayambira pa chakudya. Mtsikanayo ankakana chakudya chozizira, ndipo njala inali itayamba kumupweteka. Mayi ake anapempha kuti agule chakudya chotentha chomwe chimaperekedwa kwa okhala m'mipando yodula ya kutsogolo. Atawakaniza, anafotokoza kuti njala ikamukwana mwanayo akhoza kusokonezeka n'kuyamba kukanda. Chakudya chinabwera ndithu, mwana anadya n'kukhala phee, koma ndege inapatukabe. Kampaniyo inati antchito ake anaganizira chitetezo cha onse okwera. Mayiyo anati mwana wake wasalidwa.

Apa ndiye pagona mantha a makolo ambiri. Akakhala chete, palibe amene angawathandize. Akafotokoza zoona za mwana wawo, mawu omwewo akhoza kumveka ngati chiopsezo.

Autism si matenda opatsirana, komanso sibwera chifukwa cholera mwana molekerera. Ndi mmene ubongo wa munthu wakulira kuyambira ali khanda, ndipo amakhala nayo moyo wake wonse. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linkanena kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 ali nayo. Ku America, bungwe la CDC linalengeza mu 2025 kuti mwa ana a zaka 8 a m'madera omwe linafufuza, mmodzi mwa 31 anapezeka nayo. Anawa ndi osiyanasiyana. Ena amalankhula bwino kwambiri, ena satulutsa liwu ndi limodzi lomwe. Koma ambiri amafanana pa zinthu ziwiri: mtima wawo umakhala m'malo akamadziwa chomwe chichitike pambuyo pa china, ndipo phokoso, kuwala, fungo ngakhale kugwidwa paphewa zimawalowa mwamphamvu kuposa mmene zimawalowera anzawo.

Bwalo la ndege lili ndi zonsezi pamodzi. Zimkuzamawu sizipuma, magetsi amathobwa m'maso, mzere umayenda pang'ono n'kuima popanda wonena chifukwa. Pamalo ofufuza katundu m'pamene makolo ambiri amatuluka thukuta. Mwana ali ndi kagalimoto kachidole komwe sakasiya ngakhale pogona, ndiye akuuzidwa kuti akaike m'thireyi. Akukaona kakulowa m'makina n'kusowa, ndipo palibe chomutsimikizira kuti katulukira mbali inayo. Kenaka avule jekete, adutse yekha pachipata cholira, mwina mlendo amupapase thupi lonse. Chakumwa chokhacho chimene amavomera chikhoza kutsala pomwepo, chifukwa kuyambira 2006 mabwalo ambiri salola zamadzimadzi zopitirira mamililita 100 pokhapokha ngati ndi mankhwala kapena chakudya chapadera.

M'ndege muli zakezake. Lamba ayenera kumangidwa chikwangwani chikayaka, mwana afune asafune. Ndege ikamakwera kapena kutsika, mpweya wa m'katimo umasintha ndipo makutu amapweteka, koma mwana wosalankhula sangathe kunena pamene pakuwawa. Chimbudzi chimakoka ndi phokoso lodzidzimutsa moti ana ena akalimva kamodzi salowamonso mpaka ndege itatera. Kwa mwana amene makutu ake amatola kalikonse, kulira kwa injini kuli ngati kumukhazika m'chigayo kwa maola 8 chitseko chili chotseka.

Zikamuchulukira, mwana amatseka makutu, amadzigwedeza, amakuwa, mwina kudzimenya kumene. Uku si kuvuta kwa mwana wofuna switi, amene amatonthola akangopatsidwa. Thupi ndi maganizo zimakhala zalemedwa, ndipo kumukalipira kumangoonjezera vutolo. Chimene amafuna ndi bata ndi nthawi, zinthu zosowa kwambiri pampando wapakati m'ndege yodzaza. Makolo ambiri amanena kuti kukuwa kwa mwana anakuzolowera. Chimene sachizolowera ndi maso a anthu okhala nawo pafupi, ndi manong'onong'o akuti mwana ameneyu alibe mwambo.

Vutoli limawakhudza kwambiri Amalawi okhala kunja. Palibe ndege yochoka ku London kufika ku Lilongwe kapena ku Blantyre mosaima. Banja liyenera kudzera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, kudikira pabwalo lachilendo, n'kukweranso ndege ina. Chigawo choyamba chokha, cha London kufika ku Addis Ababa, chimatenga maola pafupifupi 8. Mwana wa autism amafuna masabata angapo omukonzekeretsa, koma uthenga wa maliro sudikira. Choncho m'mabanja ena bambo amapita okha kukaika mayi awo, mayi n'kutsala ndi mwana. Chaka china amasinthana. Agogo amamudziwa mdzukulu wawo pa WhatsApp pokha, ndipo abale ake a mwanayo amakula akudziwa kuti kunyumba kwawo tchuthi sichikambidwa mopepuka. Palibe amene amalengeza kuti banja lasiya kuyenda pamodzi. Zimangochitika pang'onopang'ono.

Chosangalatsa n'chakuti zinthu zimene zathandiza kwambiri si zodula. Mu 2011, pabwalo la Logan ku Boston anayambitsa ndondomeko yotchedwa Wings for Autism. Mabanja amabwera tsiku lopanda ulendo, amalandira tikiti, amadutsa pofufuza katundu, amadikira pachipata, amakwera ndege yeniyeni n'kumanga lamba. Ndegeyo siuluka. Mwana amabwerera kunyumba ataona kuti chidole chake chinatulukadi mbali ina ya makina, ndipo makolo amadziwa pamene pamuvute tsiku lenileni. Antchito a pabwalo nawonso amaphunzira, ndipo mwina ndi amene amapindula kwambiri. Bungwe la The Arc linafalitsa ndondomekoyi ku mabwalo ena ambiri a ku America.

Mu 2016, bwalo la Gatwick ku England linayamba kupereka chingwe chobiriwira chovala m'khosi chokhala ndi maluwa a mpendadzuwa. Wovala chingwechi amakhala akuuza antchito, popanda kulankhula, kuti ali ndi ulumali wosaoneka ndi maso ndipo angafune nthawi kapena thandizo. Lero chimadziwika m'mabwalo a ndege, m'masitolo ndi m'sitima za m'mayiko ambiri. Chaka chotsatira, bwalo la Shannon ku Ireland linatsegula chipinda chachete chokhala ndi magetsi osathobwa m'maso, choyamba cha mtunduwu pabwalo la ndege ku Ulaya konse. Ku Pittsburgh anatsegula chawo mu 2019, chotchedwa Presley's Place. Maganizo ake anachokera kwa wantchito wa pabwalo pomwepo yemwe mwana wake ali ndi autism, ndipo m'katimo anaikamo mipando ndi makoma enieni a ndege kuti ana aziyeserera. Mu 2025, kampani ya Emirates inalengeza kuti yaphunzitsa antchito oposa 30,000 za autism.

Palinso zilembo zinayi zimene makolo ambiri sazidziwa: DPNA. Ndi chizindikiro chomwe bungwe la makampani a ndege la IATA limagwiritsa ntchito posonyeza wokwera amene ali ndi ulumali wokhudza kakulidwe ka ubongo, ndipo chikhoza kuikidwa patikiti pogula. Ku Britain ndi m'mayiko a mgwirizano wa EU, thandizo la pabwalo ndi laulere, koma ndi bwino kulipempha kudakali maola 48. Ku America, ofesi ya TSA Cares, yothandiza okwera olumala pamalo ofufuza katundu, imapempha kuti muidziwitse kudakali maola 72.

Zina makolo amazitulukira okha. Amajambula zithunzi za sitepe iliyonse ya ulendo n'kumaziwerenga ndi mwana madzulo aliwonse. Amanyamula zotchinga makutu, chakudya chimene amachidziwa, ndi kalata ya dokotala. Pa nkhani yolowa m'ndege amasiyana maganizo. Ena amapempha kulowa poyamba kuti mwana akhazikike anthu asanadzaze. Ena amapempha kulowa pomaliza, chifukwa mphindi iliyonse yokhala pampando ndege isananyamuke ndi yolemetsa. Wantchito wanzeru amafunsa kholo kuti likufuna chiti, m'malo moliganizira.

Komabe chingwe cha mpendadzuwa sichipatsa munthu ufulu wodumpha mzere, ndipo chilibe ntchito ngati woima pachipata sakudziwa tanthauzo lake. Banja lodutsa mabwalo atatu likhoza kulandiridwa bwino pa loyamba, n'kufunika kufotokoza zonse kuyambira pachiyambi pa lachiwiri, ndege itachedwa ndipo mwana atatopa kale.

Ndege ikatera pa Kamuzu International Airport, ntchito ya makolo sinathe. Kunja kuli azakhali ndi amalume amene adikira zaka kuti amunyamule mwanayo, amupsompsone, amufunse ngati akuwadziwa. Mwana sapereka moni wa pamanja, sayankha akaitanidwa, nsima akuikankha. Kumudzi akhoza kupezeka wina wonong'ona kuti mwanayu analodzedwa, kapena kuti makolo ake anamukhwimira kuti alemere kunjako. Mawu oterewa amapweteka kuposa maso a alendo a m'ndege, chifukwa akuchokera kwa anthu amene banjalo lawayendera mtunda wonsewo. N'chifukwa chake makolo ena amayamba kukonzekeretsa abale kudakali masabata angapo, monga mmene amachitira ndi mwana. Amawatumizira uthenga wowapempha kuti abwere ochepa pabwalo la ndege, amusiye mwana awayandikire yekha, komanso kuti kwa agogo pakonzedwe chipinda chimodzi chomwe angalowemo n'kutseka chitseko anthu akachuluka.