Kutupa kwa m'kati kosaphwa: nkhani ya likodzo kwathu kuno

Aliyense amene anadzitemapo ndi khasu kapena kulasidwa ndi mbedza akudziwa zimene zimachitika: pabalapo pamatupa, pamatentha, pamawawa. Kutupa kumeneko si matenda ayi. Ndi thupi limene latumiza magazi ndi chitetezo chake kuti zikaphe tizilombo ndi kutseka bala. Ikatha sabata, ntchito yatha, kutupa kwaphwa.

Koma pali kutupa kwina kumene sikuphwa. Kumachitika m'kati, mosaoneka, ndipo kumatha zaka. Kumabwera pamene thupi likulimbana ndi chinthu chimene sichikuchoka. Kuli ngati moto wa m'mulu wa mankhusu: malawi palibe, utsi ndi wochepa, koma pansi pakunyeka. Mnofu wabwino umasanduka zipsera pang'onopang'ono, ndipo chiwalo chimene chinali chofewa chimauma n'kulephera ntchito yake.

Zoyambitsa ndi zambiri. Utsi wa m'khitchini yopanda mawindo, utsi wowambira nsomba ndi fodya wosuta zimatupitsa njira za mpweya mpaka munthu amasanduka wa chifuwa chosatha. Chuku cha mtedza ndi chimanga chosauma bwino chili ndi poizoni wowononga chiwindi, makamaka kwa amene ali kale ndi matenda a hepatitis B. Kunenepa kwambiri, shuga, ngakhale nkhama zotuluka magazi zosasamalidwa, zonsezi zimasunga moto umenewu. Koma ife a ku Rumphi, makamaka a m'mphepete mwa nyanja ku Chitimba, Chiweta ndi Mlowe, ndi amene timalima madimba m'mbali mwa South Rukuru, tili ndi choyambitsa chimodzi chimene tinachizolowera mpaka sitichiwerengeranso ngati matenda. Ndi likodzo.

Likodzo limayamba ndi tinyongolotsi timene dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, anatipeza m'thupi la munthu ku Cairo mu 1851. Ulendo wake uli chonchi. Wodwala akakodza m'madzi, mazira amaswa, ndipo timphutsi take timalowa mu nkhono zazing'ono za m'madzi. M'nkhonomo timachulukana n'kutuluka miyandamiyanda, makamaka masana dzuwa likatentha. Sitifuna bala kapena kuti munthu amwe madziwo. Timaboola khungu lathunthu la amene akukoka khoka, kutsuka usipa, kuchapa kapena kusambira. Tikakula timakakhala tiwiritiwiri m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, ndipo mtundu wina umakhala m'mitsempha ya matumbo. Timatha kukhala ndi moyo zaka zingapo, tikuikira mazira mazanamazana tsiku lililonse.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Chimene chimavulaza munthu kwambiri si nyongolotsiyo koma mazira ake. Ena amatuluka ndi mkodzo, ndipo pong'amba khoma la chikhodzodzo ndi pamene timaona magazi aja kumapeto kokodza. Koma ambiri satuluka, amakanirira m'mnofu. Thupi limazinga dzira lililonse ngati mdani, limapanga kachotupa kakang'ono, kenako chipsera. Mawa kwabwera mazira ena, mkuja ena. Zikatha zaka 10 kapena 20, khoma la chikhodzodzo lauma, timipaipi tochokera ku impso tapanikizika, mkodzo ukubwerera m'mbuyo n'kutupitsa impso. Bungwe la WHO limaika likodzo la m'chikhodzodzo pa mndandanda wa zinthu zoyambitsa khansa. Mtundu wa m'matumbo uja umaumitsa chiwindi, kapamba amakula, mimba imadzaza madzi, ndipo ena amafika posanza magazi.

Ndiye tikamva munthu wamkulu akunena kuti mnyamata akakodza magazi ndiye kuti akukula, mtima umatiwawa. Kapena wina n'kumati, "Ine likodzo ndinadwala ndili mwana, linatha lokha." Magazi amatha kusiya kuoneka munthu akamakula, n'zoona, koma kusiya kwa magazi si umboni woti nyongolotsi zafa.

Pali mbali ina imene timachita nayo manyazi, koma tiinene, chifukwa ikupasula mabanja. Mazirawa amakanirira ngakhale m'ziwalo zoberekera. Kwa amayi amabweretsa kuyabwa, chikazi chosazolowereka, kupweteka ndi kutaya magazi pokhala malo amodzi ndi amuna awo, nthawi zina kuvutika kutenga pakati. Zilonda zake zimatsegulanso khomo kwa HIV. Kwa abambo umuna umatha kutuluka ndi magazi, ndipo kunsi kumapweteka. Dr Sekeleghe Kayuni ndi anzake anafufuza zimenezi pakati pa asodzi a ku Mangochi ndipo anapezadi mazira a likodzo mu umuna wa ena mwa iwo. Zizindikirozi zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana, ndiye mlandu umafika kwa ankhoswe kapena kumzikiti, bambo akuloza mayi, mayi akuloza bambo, pamene wolakwa mwina ndi nkhono ya padoko. Likodzo silipatsirana pamphasa. Musanatulutse mawu a talaka, pitani nonse awiri kuchipatala, ndipo muwauze adokotala kuti mumakhala m'madzi a m'nyanja. Mayi apimidwenso khomo la chiberekero, popeza khansa ya pamenepo imayambanso ndi zizindikiro zomwezi.

Tsopano za mankhwala. Ambiri a ife msana kapena chinena chikamawawa timathamangira pa okala kukagula Brufen kapena Indocid. Mankhwala amenewa amachepetsadi kutupa ndi ululu, koma sachotsa choyambitsa. Nyongolotsi zimapitiriza kuikira. Choipa china n'chakuti kuwamwa tsiku ndi tsiku kumabweretsa zilonda za m'mimba ndipo kumalemetsa impso, zomwe mwina likodzo lazifooketsa kale. M'mwezi wa Ramadhan ngoziyi imakula, poti m'mimba mumakhala mopanda kanthu ndipo madzi m'thupi ndi ochepa. Amene amameza awiri pa daku kuti apirire kumunda tsiku lonse, aganizeponso.

Mankhwala a likodzo ndi praziquantel. Amaperekedwa malinga ndi kulemera kwa munthu, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse, kapena poyeza msinkhu pa ndodo ija alangizi a zaumoyo amabwera nayo kusukulu. Ndi akuluakulu, ndi owawa, ndipo amatha kuchititsa chizungulire ndi kupotokola m'mimba, makamaka kwa amene ali ndi nyongolotsi zambiri. N'chifukwa chake amamwedwa munthu atadya nsima, osati ndi njala. Wosala amwe pambuyo pa futari. Mayi woyembekezera ayambe wafunsa kusikelo. Ana akalandira msanga, zotupa zambiri za m'chikhodzodzo zimabwerera mwakale. Zipsera za zaka zambiri ndi zimene zimavuta kufufutika.

Vuto lake n'lakuti Unduna wa Zaumoyo ukamagawa mankhwalawa, amene amapezeka mosavuta ndi ana a sukulu. Alovi amakhala agona usiku wonse panyanja ndi chilimira, masana ali mtulo. Mwana amene anasiya sukulu n'kumathandiza padoko naye amaphonya. Amenewa ndiwo amakhala m'madzi kuposa onse. Komanso praziquantel si katemera: amapha nyongolotsi zazikulu za lero, koma mukalowanso m'madzi a nkhono mutenganso. Msodzi asaone ngati kumwa kamodzi n'kokwanira moyo wonse. Ife tikuona kuti eni zombo, amene saiwala kusoka ukonde ndi kumata bwato chaka ndi chaka, akanamatenganso alovi awo kupita nawo kwa alangizi chaka chilichonse. Eni madimba chimodzimodzi ndi aganyu awo, ndipo jombo zisakhale za bwana yekha.

Kupewa kumayambira pa mkodzo. Dzira likapanda kufika m'madzi, ulendo wonse uja waduka. Chiphunzitso cha Mtumiki (SAW) choletsa kukodza m'madzi odekha timachidziwa kuyambira ku madrasa, koma doko lopanda chimbudzi limagonjetsa ngakhale wodziwa. Makomiti a BVC aike chimbudzi patsogolo. Madzi osamba ndi opangira wudhu achokere pamjigo ngati ulipo. Ngati ndi a m'nyanja kapena a mumtsinje, awiritseni, athireni WaterGuard, kapena angokhala mu ndowa masiku awiri, chifukwa timphutsi tija sitikhala ndi moyo kupitirira pamenepo tikasowa munthu.

Asodzi ali ndi gawo linanso. M'nyanja muli nsomba zimene chakudya chake ndi nkhono. Ku Cape Maclear, Jay Stauffer wa ku America ndi Henry Madsen wa ku Denmark anaona kuti nsomba zimenezi zitachepa m'madzi osaya chifukwa cha makoka, nkhono zinachuluka ndipo likodzo linakwera. Kumeneko ndi kummwera, koma nyanja ndi imodzi. Amene akukokolola tiana ta nsomba ndi neti ya udzudzu m'mphepete akuchotsa alonda a madzi amene ana ake omwe amasambamo.

Pomaliza, pali zizindikiro zosafunika kudikira mankhwala ogawa. Munthu wamkulu amene akukodza magazi, amene mkodzo ukutuluka movuta, amene mapazi kapena mimba zatupa, kapena amene wamwa praziquantel koma magazi sakusiya patatha mwezi, apite ku chipatala chachikulu cha Rumphi kapena ku David Gordon Memorial ku Livingstonia. Akamuyeze mkodzo, ndipo akamuuza za kuunika m'mimba kapena kupita ku Mzuzu Central, abale asonkhe ya thiransipoti sabata yomweyo, asadikire kugulitsa fodya.