MTENGO WA MAKANGAZA PAKHOMO PANU

Eni nyumba a ku Mzimba, Embangweni ndi Jenda, tamverani. Dziko lanu liri ndi cirimwe cacitali, ndipo mitengo yambiri ya zipatso ibvutika pakusowa madzi. Koma ulipo wina wosapezeka kawiri-kawiri kuno, ndiwo mtengo wa makangaza, wocokera ku Iran. Umenewu upirira dzuwa ndi cisanu comwe. Maluwa ace ofiira akometsa bwalo, ndipo cipatso cace cisungika masabata ambiri, pakuti khungu lace nlolimba.

Kaokedwe kace nkotere. M'mwezi wa Julayi dulani nthambi yokhwima, yonenepa ngati cala, yaitali phazi limodzi. Muizike m'dothi lamcenga pamthunzi, maso awiri okha atsale kunja, ndipo muziithirira madzi. Mvula itakhazikika mu Disembala, muiokere pamtunda poomba dzuwa, si m'dambo ai, cifukwa mizu yace idana ndi lowe. Dzenje likhale lakuya mapazi 2, ndipo dothi lace mulisanganize ndi ndowe zoola za m'khola. Mitengo italikirane mapazi 12. Mangani mpanda kuopa mbuzi. Mphukira za patsinde muzisadza, kusiya 3 kapena 4 zokha.

Zipatso ziyamba caka cacitatu. Musathyole zosapsa, pakuti khangaza silipsera m'nyumba monga nthoci. Koma lakupsa musalilekerere pamvula, lingang'ambike. Munthu wooka mtengo umodzi caka cino adzadyetsa ana ace ndi adzukulu omwe.