Dylan Wawo, Agide Athu

Tikudutsa pa Ntcheu, mzungu wa ku America yemwe ndinakhala naye mpando umodzi m'basi ya ku Blantyre anandifunsa ngati kuno tili ndi woimba wonga Bob Dylan. Ndisanatsegule pakamwa anadziyankha yekha kuti mwina ayi. Ndinaseka, koma kuseka kwa pamano chabe.

Dylan ndimamudziwa. Anabadwa mu 1941 ku Minnesota, nayamba kuimba ndi gitala wamba potsanzira Woody Guthrie. Mu 1965 ku Newport anatulukira ndi gitala yamagetsi, ena n'kumukuwiza kuti wataya mwambo. Mu 2016 anamupatsa mphoto ya Nobel ya zolembalemba, mwini wake osapita n'komwe kumwambo wake ku Stockholm. Luso ali nalo, sindikana. Azungu amati ndiye anawaonetsa kuti nyimbo ya gitala itha kusenza mawu olemera ngati ndakatulo.

Nanga Allan Namoko anamuonetsa ndani? Bambo wosaona wa ku Thyolo, banjo m'manja, anyamata a Chimvu River Jazz Band akumupolokozera. Nyimbo yake ikangolira pa MBC, malume anga ankatikhalitsa chete tonse, wailesi itakhazikidwa pamtondo, mabatire ake atawambidwa padzuwa tsiku lonse kuti afike madzulo. Wotsokomola ankapita kukatsokomolera kuseri kwa nkhokwe. Dylan ankadzudzula akuluakulu a dziko lake masana dzuwa likuswa mtengo, n'kukagona kwake tulo tabwino. Woimba wa nthawi ya Kamuzu, akakhala ndi chonena, ankaphiphiritsa kuti ounika nyimbo amve za banja ndi apongozi, ife timve zina. Ndakatulo yoposa imeneyo ndi iti?

Ndiye pali a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, akulu kwa Dylan ndi zaka 11. Kwa zaka zambiri ankaimba mu "Buffalo Soldier" za khumbo lawo lokaona America, anthu n'kumangoti Agide ndi nthabwala. Chaka chomwe Dylan ankalandira Nobel, iwo anakaimbadi ku Library of Congress mumzinda wa Washington. Atajambula nyimbo ndi Patience Namadingo mu 2020, "Linny Hoo" inafalikira pa TikTok mpaka kuonedwa koposa ka 80 miliyoni, eni nyimbo alibe ndi foni yamakono yomwe.

Ndinamuikira mzungu uja nyimboyo pafoni yanga. Pofika pa Zalewa n'kuti phazi lake likugunda pansi, mutu ukugwedera. Kenaka anandiuza kuti Dylan anagulitsa nyimbo zake ku kampani ya Universal mu 2020, pamtengo womwe akuti unapitirira madola 300 miliyoni. "Nanga agogowa zawo anagulitsa zingati?"

Ndinasuzumira pawindo n'kuitana mnyamata wa chimanga chootcha.