Lidar m'zikepe zokhala ndi magalasi

Maloboti ambiri amene amanyamula katundu m'zipatala, m'mahotela ndi m'maofesi amakwera chikepe okha pochoka pansanjika ina kupita pa ina. Asanalowe, amayeza mkati mwa chikepecho pogwiritsa ntchito lidar, chipangizo choyeza mtunda ndi kuwala kwa laser. Kuyezaku kumathandiza loboti kudziwa ngati chitseko chatseguka, ngati muli malo okwanira, komanso pamene anthu aima. Vuto ndi lakuti zikepe zambiri zili ndi magalasi odziyang'anirapo kapena makoma achitsulo chonyezimira, ndipo zinthu zimenezi zimabweza kuwala m'njira yosokoneza lidar.

Mbiri

Laser yoyamba inayatsidwa mu 1960 ndi Theodore Maiman ku Hughes Research Laboratories, m'chigawo cha California ku America. Pasanapite nthawi yaitali akatswiri anayamba kuyezera mtunda ndi kuwala kumeneku, moti mu 1971 chombo cha Apollo 15 chinayeza mapiri ndi zigwa za kumwezi ndi laser.

Maloboti okwera chikepe anayamba kuoneka m'zipatala za ku America m'zaka za m'ma 1990. Imodzi mwa iwo inali HelpMate, yopangidwa ndi kampani ya Joseph Engelberger, imene inkanyamula chakudya ndi zinthu zina za m'chipatala ndipo inkaitana chikepe kudzera pa wailesi. Pambuyo pake kunabwera TUG ya kampani ya Aethon ya ku Pittsburgh. Mu 2014 loboti ya kampani ya Savioke inayamba kuperekera alendo katundu m'zipinda za hotela ya Aloft ku Cupertino.

Mmene lidar imayezera

Lidar imatumiza kuwala kwa laser kenako n'kudikira kuti kubwerere. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi. Ngati khoma lili pa mtunda wa mita 1.5, kuwala kumayenda mamita 3 kupita ndi kubwerera, ndipo ulendowu umatenga pafupifupi magawo 10 mwa magawo 1 biliyoni a sekondi. Kompyuta ya loboti imawerengera mtunda kuchokera pa nthawi imeneyi.

Chipangizochi chimazunguza kuwalako mofulumira n'kuyeza malo ambirimbiri pa sekondi iliyonse. Malo aliwonse oyezedwa amakhala kadontho, ndipo timadontho tonse pamodzi timapanga mapu a chipinda. Ma lidar ambiri amagwiritsa ntchito kuwala kosaoneka ndi maso a munthu.

Njira imeneyi imadalira mfundo imodzi: kuti kuwala kwayenda molunjika, kwagunda chinthu chimodzi, n'kubwerera. Khoma lopaka penti, chovala kapena katoni zimamwaza kuwala mbali zonse, choncho kuwala kwina kumabwerera ku lidar ngakhale kutagunda chopendekera.

Vuto la magalasi

Galasi silimwaza kuwala. Limakubweza mbali imodzi yokha, mopendekera mofanana ndi mmene kunabwerera, ngati mpira wogunda khoma. Kuwala kobwezedwako kumapitirira mpaka kukagunda chinthu china, monga chitseko kapena mwendo wa munthu, kenako kumabwerera kudzeranso pagalasi lomwelo. Lidar imangodziwa nthawi imene kuwala kwatenga komanso mbali imene inakutumiza. Sidziwa kuti kunakhota panjira, choncho imaika kadontho kuseri kwa galasi, pamalo pamene palibe chinthu.

Mwachitsanzo, chikepe chonyamula makilogalamu 630 nthawi zambiri chimakhala mita 1.1 m'lifupi ndi mita 1.4 kuchokera pachitseko kufika kukhoma lakumbuyo. Ngati khoma lakumbuyolo ndi galasi, loboti yoima pakhomo ikhoza kuona ngati chikepecho n'chotalika mamita 2.8. Munthu amene waima theka la mita kutsogolo kwa galasi amaoneka kawiri: pamene ali, komanso theka la mita kuseri kwa galasilo. Lobotiyo ikhozanso kudziona yokha n'kuganiza kuti muli loboti ina. Magalasi awiri akayang'anizana, kuwala kumabwezedwa kangapo ndipo timadontho tabodza timachuluka.

Nthawi zina kuwala kumabwezedwa kupita kutali osabwereranso, ndipo pamapu pamakhala mpata ngati palibe khoma. Galasi lenilenilo limaoneka bwino pokhapokha kuwala kukaligunda molunjika. Chitsulo chosachita dzimbiri chopukutidwa bwino chimachitanso zofanana ndi zimenezi, pamene makoma agalasi loonekera mkati amalola kuwala kwambiri kudutsa.

Zotsatira zake si zazing'ono. Loboti imene ikuona malo abodza ikhoza kugunda galasi kapena kupanikiza anthu. Imene ikuona anthu abodza ikhoza kukana kulowa m'chikepe choti muli malo, ndipo mankhwala kapena chakudya cha wodwala chimachedwa. Loboti imadziwanso pamene ili poyerekezera zimene ikuona ndi mapu amene inasunga, choncho timadontho tabodza tingaisocheretse n'kuima pakhomo, chitseko n'kulephera kutseka.

Chifukwa chake magalasi sachotsedwa

Magalasi a m'zikepe si okongoletsa chabe. Munthu woyenda pa njinga ya olumala sangathe kutembenuka m'chikepe chaching'ono, choncho amatuluka chobwerera m'mbuyo, ndipo galasi limamuonetsa zimene zili kumbuyo kwake. Malamulo a ku Ulaya otchedwa EN 81-70 amafuna kuti zikepe zing'onozing'ono zikhale ndi galasi kapena chinthu china chogwira ntchito imeneyi. Magalasi amathandizanso kuti chikepe chisaoneke chopanikiza. Pa zifukwa zimenezi, loboti ndi imene iyenera kuzolowera galasi.

Njira zothetsera vutoli

Njira yosavuta ndi kuuza loboti kukula kwenikweni kwa chikepe chilichonse pamene ikuikidwa m'nyumbamo. Kadontho kalikonse kopezeka kunja kwa malire amenewo kamatayidwa. Njirayi imagwira bwino ntchito m'nyumba imene loboti imaidziwa, koma sithandiza m'chikepe chachilendo.

Njira ina ndi kuika lidar m'munsi. M'zikepe zambiri galasi limayambira pachitsulo chogwirira kupita m'mwamba, choncho kuwala koyenda pafupi ndi pansi kumagunda khoma wamba ndi miyendo ya anthu. Galasi likafika mpaka pansi, kapena khoma lonse likakhala lachitsulo chonyezimira, njirayi imalephera.

Palinso kuphatikiza lidar ndi sonar, chipangizo choyeza mtunda ndi phokoso losamveka m'makutu a munthu. Phokoso limabwerera likagunda galasi monga mmene limachitira pakhoma lina lililonse losalala. Ngati sonar ikusonyeza khoma pafupi pomwe lidar ikusonyeza malo opanda kanthu, loboti imadziwa kuti pali galasi. Mu 2008 Shao-Wen Yang ndi Chieh-Chih Wang a ku National Taiwan University anafotokoza njira yophatikiza zipangizo ziwirizi pofuna kuzindikira magalasi ndi mawindo. Sonar payokha siyeza mwatsatanetsatane ngati lidar, ndipo imalakwitsanso phokoso likagunda khoma chopendekera kwambiri.

Mapulogalamu ena amafufuza kufanana kwa timadontho. Chithunzi cha pagalasi chimakhala chofanana ndendende ndi chinthu chenicheni, kungoti n'chotembenuka. Pulogalamu ikapeza magulu awiri a timadontho ofanana motere, imadziwa kuti galasi lili pakati pawo. Ikatero imachotsa timadontho tabodza, kapena kutibwezera pamalo pake penipeni. Apa galasi limasanduka chothandiza, chifukwa limaonetsa loboti ngodya za chikepe zimene sizioneka ukaima pakhomo.

Maloboti ambiri amalumikizananso ndi kompyuta ya chikepe, imene imawauza nsanjika imene afika komanso ngati chitseko chatseguka. Makampani opanga zikepe monga KONE, Otis ndi Schindler ali ndi njira zolumikizira maloboti motere. Eni nyumba ena amapatula maloboti ndi anthu: nyumba ya 1784 ya kampani ya Naver ku Seongnam, South Korea, imene inatsegulidwa mu 2022, ili ndi chikepe cha maloboti okhaokha. Koma m'zipatala ndi m'mahotela ambiri maloboti amakwera limodzi ndi anthu, ndipo amaphatikiza njira ziwiri kapena zitatu, pamodzi ndi makamera ndi zotchingira zimene zimaimitsa loboti ikangokhudza chinthu.