Kodi Mumadziwa? Fumbi Loyenda M'paipi Limaunjikana M'mbali

Madzi kapena mpweya zikamathamanga kwambiri m'paipi, siziyenda mowongoka. Zimavinduka ndi kuzungulira ngati kamvuluvulu. Osborne Reynolds anaonetsa zimenezi mu 1883 ku Manchester pothira utoto m'madzi oyenda m'paipi yagalasi.

Munthu angaganize kuti kuvinduka kotere kumamwaza fumbi mofanana paliponse. Koma tinthu tolemererako timaponyedwa kuchoka pomwe mpweya ukuvinduka mwamphamvu, n'kukagwera pafupi penipeni ndi khoma, pomwe mpweya umayenda pang'onopang'ono, ndipo timalephera kubwerera msanga. Asayansi amatcha zimenezi turbophoresis.

Mu 1987, John Kim, Parviz Moin ndi Robert Moser a ku NASA Ames, California, anagwiritsa ntchito kompyuta kuwerengera kayendedwe kovinduka pakati pa makoma awiri, atagawa malowo m'timadontho pafupifupi 4 miliyoni. Masiku ano akatswiri amaikamo tinthu tambirimbiri, kompyuta n'kumalondola kalikonse komwe kakupita.

Nzeru imeneyi imathandiza kudziwa pomwe utsi ndi fumbi zimakakamira m'njira za mpweya m'thupi, komanso kukonza mankhwala opopera a mphumu kuti azifika bwino m'mapapo.