Chilolezo Cha Makolo Ndi Chitetezo Cha Ana M'mbali Mwa Nyanja Ya Chilwa

Chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulayimale adakhala aulere, ana ochuluka a kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji m'boma la Zomba akhala akupita kusukulu. Komatu akaweruka, ena amakagulitsa zitumbuwa padoko la Kachulu, pomwe pamafika ogula matemba ndi makumba ochokera kutali, ndalama zili m'thumba. Anyamata ena amakagona m'zimbowera pamodzi ndi akuluakulu omwe si abale awo. Munthu wa zolinga zoipa amapezerapo mpata pamenepo.

M'phunziro la Life Skills ana amauzidwa kuti pali kukhudza kwabwino ndi koipa, kuti mphatso yoti "usakawauze amayi ako" ndi msampha, ndiponso kuti kukanena kwa wamkulu si mwano.

Makolo ena, ngakhalenso mashehe, amafunsa kuti: kodi nkhani za thupi si za makolo ndi anamkungwi? Adatipempha ndani chilolezo? Funsoli n'lomveka, ndipo malo ake ndi msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Pitaniko. Pemphani kuona buku lomwe ana akuwerenga. Pemphani kuti nkhani zina atsikana azikambirana ndi aphunzitsi aakazi kapena amayi a Mother Group. Bungwe lililonse lobwera ndi maphunziro apadera liyambe lafotokozera makolo. Koma kumutulutsa mwana m'kalasi sikumuteteza, pakuti wogwirira ana sapempha chilolezo kwa kholo, ndipo nthawi zambiri amakhala munthu wodziwika pakhomo.

Tidziwenso kuti chilolezo chathu chili ndi malire. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo losamalira ndi kuteteza ana, ndipo mu 2017 idachotsa m'malamulo aakulu a dziko lino ndime yomwe inkalola mwana wa zaka 15 kulowa m'banja makolo akavomera. Tsopano ukwati ndi wa ofika zaka 18.

Mwana akaulula, musamukalipire. Thamangirani naye kuchipatala pasanathe maola 72 kuti akalandire mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV. Kanenani kupolisi, kapena imbani 116, nambala yaulere ya bungwe la YONECO la ku Zomba. Mlandu wotere sathetsa ndi mbuzi kapena ndalama m'nyumba.

Abale ndi alongo, ana ndi amana yomwe Allah adatisungitsa, ndipo adzatifunsa za iwo. Akatsegulira sukulu, kakhaleni nawo pamsonkhano woyamba.