Funso loti "mwamva?" likutiphera masamu

Tsiku lina la msika pa Chiosya kuno ku Mchinji ndidaona mayi wina akugulitsa mtedza kwa venda. Vendayo adapachika thumba pa sikelo, nkutchula makilogalamu, nkudinadina pa foni, kenaka nkupereka ndalama. Mayiyo adangomanga ndalamazo pa chitenje. Nditamufunsa ngati zakwana, adaseka nkuti: "Aphunzitsi, inetu masamu adandikana kalekale. Zomwe anena eni sikelo ndi zomwezo basi."

Mtima udandiwawa, abale anga, chifukwa mayi ameneyu adadutsa m'manja mwanga ali mu Sitandade 3. Masamu sadamukane ayi. Ine ndi amene sindidadziwe pomwe iye adatsalira, ndipo ndidapitirira ulendo osacheuka.

Ndidayamba uphunzitsi m'chaka cha 1994 pomwe boma la a Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulayimale. Ana m'sukulu adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo ambiri a ife tidalembedwa ntchito titangosulidwa masabata ochepa chabe. Ine adandipatsa ana oposa 100 pansi pa mtengo, bolodi yotsamira pa thunthu, ndi choko.

Kaphunzitsidwe kanga kadali kotere: ndilembe samu pa bolodi, ndiiwonkhetse ndekha, kenaka nditembenuke. "Mwamva ana inu?" Onse pamodzi: "Eee!" "Pali funso?" "Ayiii!" Basi ine mtima m'malo, mawa mutu wina. Nanga mwana wa zaka zisanu ndi zinayi angaimike mkono pakati pa anzake 100 nkunena kuti sadamve, mphunzitsi ali ndi kamtengo m'manja?

Chilungamo chimadzatuluka pa mayeso a kutha kwa teremu, madzi atatayika kale. Chaka china ndikuchonga ndidaona chodabwitsa. Pa samu yoti 52 kuchotsapo 37, ana ochuluka adalemba 25 m'malo mwa 15. Sikuti adaonerana, poti adakhala motalikirana. Onse adalakwa mofanana.

Ndidaitana kamtsikana kena komwe kamagulitsa zitumbuwa za mayi ake pa buleki. Ndidati: "Mwanawe, munthu ali ndi 52 tambala, wagula zinthu za 37 tambala, watsala ndi zingati?" Kadayang'ana m'mwamba pang'ono nkuti: "15 tambala, aphunzitsi." Ndidati nanga pa pepala walemberanji 25? Kadayankha: "Mudati 2 sitingachotsepo 7, ndiye ndidachotsa 2 pa 7. Za kubwereka zija sindidazimve, poti wobwereka amabweza, nanga ife tibweza liti?"

Apa mpomwe ndidadziwa kuti wolephera mayeso aja sadali mwana koma phunziro langa. Ndikadafunsa samu imodzi yomweyi tsiku lomwe ndidaphunzitsa, bwenzi nditakonza m'mawa mwake. M'malo mwake ana adasenza cholakwacho miyezi itatu.

Akatswiri a maphunziro ali nalo dzina la nkhaniyi. M'chaka cha 1967 a Michael Scriven adasiyanitsa mitundu iwiri ya kuunika. Kwina nkwa pamapeto, kopereka chigamulo, monga mayeso a MANEB a Sitandade 8. Kwina adakutcha formative evaluation, kuunika ntchito ikadali m'kati ndi cholinga choti ikonzedwe. Mu 1998 a Paul Black ndi a Dylan Wiliam a ku King's College ku London adasanthula kafukufuku wambiri napeza kuti kuunika kwa mtundu wachiwiriwu kumakweza kakhozedwe ka ana, makamaka omwe amatsalira m'mbuyo.

Koma alimi a kuno sitidadikire azungu kuti atiuze. Mlimi wanzeru akakayika mbewu ya mtedza kapena soya, amayamba wafesa njere zochepa kuseri kwa nyumba kuti aone ngati zimera, asadawononge munda wonse. Mphunzitsi naye ayese phunziro lake chimodzimodzi. Ndipo kuyesako sikuchitika mwangozi, kumakonzedwa usiku pomwe munthu ukulemba pulani ya phunziro. Ine ndidaphunzira kukonzeratu zinthu zinayi.

Choyamba, ndilembe chinthu chimodzi chokha chomwe mwana azitha kuchita phunziro likatha. Osati "adziwe kuchotsera", zimenezo nzambiri. Koma "athe kuchotsa 37 pa 52 ndi kufotokoza chomwe wachita ndi khumi limodzi lija".

Chachiwiri, phunziro latsopano ndiliyese kaye pa ana atatu: wochangamuka, wapakati ndi wochedwa kumva. Ndikhale nawo mphindi khumi poweruka, ndiwapatse samu, azilankhula zomwe akuganiza, ine kukamwa kotseka. Akatswiri okonza maphunziro monga a Walter Dick ndi a Lou Carey adalangiza zomwezi, kuti uyambe ndi wophunzira mmodzimmodzi, kenaka kagulu kochepa, pomaliza kalasi yonse. Ana atatu amenewa ndiwo adandionetsa kuti mawu oti "kubwereka" ndiwo msampha. Ndidawasiya nkuyamba kumanga timitengo m'mitolo ya khumikhumi. Mitolo isanu ndi timitengo tiwiri, ukafuna kuchotsa tisanu ndi tiwiri, umamasula mtolo umodzi. Palibenso za ngongole.

Chachitatu, ndikonzeretu funso lomwe ngakhale yankho lolakwa lindiuze kanthu. Samu ngati 58 kuchotsapo 37 siyithandiza, poti wodziwa ndi wosadziwa kumasula mtolo onse apeza 21. Koma pa 52 kuchotsapo 37, wolemba 15 wamva, pomwe wolemba 25 mwina watembenuza manambala, mwinanso wamasula mtolo koma waiwala kuti mitolo yatsala inayi. Ameneyo ndimufunse wachita bwanji. Ndipo ayankhe onse nthawi imodzi, pa kapepala kapena pa dothi ndi chala, osati atatu okhala kutsogolo omwe amaimika mikono masiku onse.

Chachinayi, ndigamuliretu chochita. Olakwa akakhala ochepa, ndiwaike ndi anzawo omwe akhoza. Akafika theka la kalasi, mawa palibe mutu watsopano, ndibwereza koma mwa njira ina. Kubwereza mawu omwewo mokweza sikuphunzitsa.

Ena ati: "Akulu inu mukulota, ana 100 ndipo silabasi ikudikira, nthawi imeneyo ichokera kuti?" Zoona, kalasi yodzaza ndi mtolo wolemera, ndipo boma lisaleke kumanga makalasi ndi kulemba aphunzitsi. Koma kuyenda pakati pa ana nkuona manambala omwe alemba pansi kumatenga mphindi zisanu. Kumaliza silabasi ana atatsala pa tsamba loyamba kuli ngati minibasi yofika msanga ku Lilongwe itasiya okwera onse pa Kamwendo. Masamu amamangidwa ngati khoma: wosadziwa kuchotsera, kugawa kudzamukanika, ndipo pofika Sitandade 5 wayamba kale kunena kuti masamu adamukana.

Pa pepala dziko lathu lidavomera kale zimenezi. Silabasi ya pulayimale yotchedwa PCAR, yomwe idakonzedwa ndi a Malawi Institute of Education ku Domasi nkuyamba mu 2007, idalimbikitsa kuunika ana mosalekeza. Nkhawa yanga njakuti kwa ena mwa ife aphunzitsi zidangosanduka timayeso ta Lachisanu lililonse, malikisi nkulowa m'kaundula, kaphunzitsidwe osasintha. Kupima mbuzi tsiku ndi tsiku sikuinenepetsa. Malikisi omwe sasintha phunziro la mawa ndi inki yotayika.

Inu a bizinesi m'tauni nkhaniyi mukuidziwa bwino kuposa ife. Ndani mwa inu amadikira Disembala kuti adziwe ngati okala ikupindula? Mumawerengera madzulo alionse, katundu akapanda kuyenda mumasintha mtengo kapena pooda. Chitani chimodzimodzi ndi ana anu. Musangofunsa kuti "wakhala nambala chani?" teremu ikatha. Tsegulani kope pakati pa sabata, lozani samu imodzi yomwe walakwa, nkuti: "Tandionetsa udachita bwanji." Osakalipa, osamuuza yankho, ingomverani. Mudzadabwa kuti cholakwa cha mwana chimakhala ndi nzeru zake.

Nanunso ophunzira a ku sekondale ndi m'makoleji, lekani kudzinamiza ndi kuwerenga zitsanzo za m'buku nkumagwedeza mutu. Tsekani buku, yesani samuyo nokha, pomwe mwakakamira mpomwe mukafunse. Safunsa adadya phula. Ndipo inu omwe muli ku makoleji a uphunzitsi, pa pulani yanu pasamasowe mzere woti: ndidzadziwa bwanji kuti amva, nanga akapanda kumva ndidzatani?

Mayi wa mtedza uja ndidamuwerengera ndalama zake tsiku limenelo, ndipo zidapezeka kuti zidali zokwana. Koma sabata ina ine sindidzakhalapo pa sikelo. Mwana wake ali mu Sitandade 3 chaka chino. Ndikupempha mphunzitsi wake, kaya ndani, kuti akamva "eee" wa kalasi yonse asakhulupirire msanga. Ayambe waona chomwe mwanayo walemba pansi.